Mawu amene ndinapeza pansi pa fayilo ya aphunzitsi

Amayi anga akafunsidwa kwathu ku Kaphuka za ntchito yanga, amangoti, "Amatayipa pa boma." Sanama. Ndinayambadi ndi kutayipa basi, m'kachipinda ka kuseri kwa msika wa Dedza, momwe muli makompyuta awiri, pulinta ndi makina a fotokope amene amafuna kuwanyengerera kukazizira. Ndinkatayipa makalata ofunsira ntchito, mayeso a masukulu ang'onoang'ono, ndi timapepala ta mwambo wa maliro timene anthu amatifuna tsiku lomwelo.

Za masamba a pa intaneti zinandipeza mwangozi. Kalabu ina ya alimi a kachewere inali ndi webusayiti imene anawakonzera munthu wa ku Lilongwe, munthuyo n'kusowa. Iwo anabwera kwa ine ndi malipoti awo kuti ndiwaikire pamenepo. Ndinachita zimene aliyense angachite. Pulogalamu yotayipira makalata ili ndi pamalo pena poti "sunga ngati tsamba la pa intaneti", ndiye ndinadina pomwepo. Pa kompyuta yanga zinaoneka bwino. Pa foni ya mlembi wa kalabuyo tsamba linatenga nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi, ndipo litatseguka mawu anali atathawira kumbali, ena akuluakulu, ena oti mpaka utsinzinire diso limodzi.

Manyazi ndiwo anandiphunzitsa. Masana akakhala opanda makasitomala ndinkawerenga pa intaneti pomwepo, mpaka ndinamvetsa kuti tsamba lililonse lili ndi kuseri kwake. Kuseriko mawu amakutidwa ndi tizizindikiro touza foni kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, uwu ndi mndandanda. Tizizindikiroto timatchedwa matagi, ndipo kalembedwe kake konse ndiko amati HTML. Vuto ndi loti pulogalamu yotayipira ija ikamasandutsa chikalata kukhala tsamba, imaunjikamo zinthu zake zosawerengeka: mayina a mitundu ya zilembo, miyeso ya mapepala, ndime zopanda kanthu, ndi malamulo ena amene imamva yokha. Chikalata cha masamba anayi chimatuluka ndi mizere yoti ungatsike nayo mpaka chala kutopa. Ntchito yanga inakhala yochotsa zonsezo, kusiya mawu a mwiniwake ndi matagi ochepa oyenera. Ndinaizolowera, ndipo ndinayamba kuikonda. Pali kukoma kwina poona fayilo yolemera ikupepuka mpaka kutseguka msanga ngakhale pa kafoni kakale.

Chaka china mu Juni ndinalandira foni kuchokera ku Joni. Anali mayi wina, namwino, amene anamva za ine kwa msuweni wake wa mu kalabu ija. Anati bambo ake, aphunzitsi opuma pantchito a ku Kabwazi, analemba mbiri ya banja lawo kuyambira pamene makolo awo anachoka kummwera kudzakhala m'mapiri muno. Abale awo anabalalika, ena ku Blantyre, ena ku Joni, ena kutsidya kwa Mozambique, ndipo iye anakonza malo pa intaneti kuti onse aziwerenga mbiriyo pa foni. Anayesa kuika mutu woyamba yekha koma zinatuluka zosawerengeka.

"Ndiwauza abwere kwa inu ndi fulashi," anatero. "Koma muwapirire. Ndi aphunzitsi."

Anafika Lachiwiri m'mawa, nkhungu isanachoke paphiri. Anali aatali, owerama pang'ono, atavala jekete la suti pamwamba pa juzi ndi chipewa chaubweya. Anaima pakhomo mpaka nditawauza kuti alowe. Titapatsana moni, anatulutsa kabokosi ka machesi m'thumba la mkati. Fulashi inali m'menemo, yokulungidwa m'kathonje. M'jumbo anali ndi buku lonse losindikizidwa pa pulinta, losokedwa ndi ulusi kumbali.

"Mayi, ine za makinawa sindizidziwa," anatero. "Ndinkalemba pamanja m'makope. Wotayipa anali mayi wa kunyumba kwanga. Anagwira ntchito ya ulembi mu ofesi ya parishi zaka zambiri. Ankati anzake akapita kukadya masana, iye n'kutsala kutayipa zanga. Anatisiya zaka ziwiri zapitazo."

Ndinawapepesa. Anagwedeza mutu, n'kutsegula bukulo pa tsamba loyamba, chala chawo chikuloza mawu.

"Chinthu chimodzi chokha ndikupemphani. Musandikonzere Chichewa. Mukuona w uyu wa kachipewa pamutu? Ana a masiku ano anamutaya. Ine ndinaphunzitsa naye zaka makumi atatu. Mwana wanga atayesa kuika pa foni, paliponse pamene panali w ameneyu panatuluka tizinthu ngati mapazi a nkhuku."

Ndinawauza kuti limenelo ndi vuto laling'ono. Tsamba limafuna kuuzidwa pamwamba penipeni kuti likuwerenga zilembo za mtundu wanji, ndipo likauzidwa, kachipewako kamabwerera pamalo pake. Ndinawaonetsa nthawi yomweyo ndi ndime imodzi. Anayandikira sikirini mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda, n'kuwerenga mokweza mawu onse okhala ndi w uja, limodzi ndi limodzi, ngati akuitana mayina m'kalasi.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Gwirani ntchito yanu."

Mitu inalipo khumi ndi iwiri, uliwonse fayilo yakeyake. Nditatsegula kuseri kwa woyamba ndinaseka ndekha. Malemu aja anaphunzira kutayipa pa taipulaita, ndipo kompyuta ankaiyendetsa ngati taipulaita yomweyo. Mzere uliwonse ukafika kumapeto ankadina batani loyambira mzere wina, moti kwa kompyuta mzere uliwonse unali ndime payokha. Pofuna kuika mutu pakati, ankadina batani la mpata maulendo ambirimbiri mpaka mawu afike pamene diso lawo lakhutira. Mitu sanaiuze kuti ndi mitu, ankangoikulitsa ndi kuidetsa. Pa pepala zonsezi zinkaoneka zaudongo kwambiri, kuposa za atsikana ambiri amene ndinaphunzira nawo. Koma foni ndi yopapatiza. Mizere yodulidwa kale ija inkadukanso pakati, tsamba n'kuoneka ngati mpanda wogumuka.

Panalibe njira yachidule yokwanira. Zinyalala za pulogalamu ndinkatha kuzisesa ndi lamulo limodzi lofufuza ndi kuchotsa, koma kulumikiza mizere kukhala ndime kunafuna kuti ndiziwerenga, kuti ndidziwe pamene ganizo latha. Motero ndinawerenga mbiri yonse. Ndinawerenga za ulendo wa makolo awo, za mudzi woyamba pansi pa phiri, za mmene agogo awo aamuna anabatizidwira ali ndi akazi awiri ndi mmene nkhaniyo inavutira. Aphunzitsiwo ankalemba bwino, ngakhale ankakonda mawu oti "kunena zoona zenizeni" mopitirira.

Ndinayambanso kuwadziwa malemuwo kudzera m'zala zawo. Pambuyo pa mpumiro uliwonse ankasiya mipata iwiri, osaphonya. M'mitu yoyambirira munalibe cholakwika n'chimodzi chomwe. Pofika mutu wachisanu ndi chinayi zilembo zinayamba kusinthana malo, kapena chimodzi kubwerezedwa katatu ngati chala chachedwa kuchoka pa batani. Zambiri anazikonza okha, zina zinawapulumuka. Sindinafunse, koma ndinaganiza kuti apo ndi pamene matenda anayambira.

Zimene ndikufuna kunena zinachitika tsiku lachitatu la ntchitoyo. Pansi penipeni pa fayilo yosandutsidwa, mawu a mwiniwake atatha, pamakhala chigawo china cha zinyalala chimene nthawi zonse ndimachichotsa osayang'ana. M'mitu iwiri yoyamba ndinachita zomwezo. Pa mutu wachitatu magetsi anaphethira, ndipo atabwerera ndinapezeka ndili pansi pa fayilo, ndikufufuza pamene ndinalekezera. Pakati pa matagi osokonekera diso langa linagwa pa mawu a Chichewa.

"Abambo, ng'ombe zinali zitatu. Amayi anu anandiuza okha. Zinayi zinazo mwazitenga kuti?"

Ndinatenga buku losokedwa lija kufunafuna mawuwo. Munalibe. M'mutumo aphunzitsi analemba kuti bambo awo anapereka ng'ombe zisanu ndi ziwiri pokwatira amayi awo, basi. Ndinabwerera ku chikalata chenicheni cha pa fulashi, n'kutsegula pamalo poonetsa ndemanga zobisika. Kumbali kwa tsamba kunatuluka timabokosi. Pulogalamu yotayipira imalola munthu kulemba ndemanga pambali pa mawu, ndipo ndemangazo ukhoza kuzibisa kuti zisaoneke pa sikirini kapena pa pepala. Malemu aja anazibisa, koma pulogalamu posandutsa chikalata inazitaya pansi pa fayilo pamodzi ndi zinyalala zina zonse.

Ndinatsegula mitu yonse, kuyambira iwiri ija ndinaisesa kale. Mwamwayi zikalata zenizeni sindinazikhudze. Ndemanga zinalimo pafupifupi m'mutu uliwonse, ndipo zonse zinkalankhula ndi munthu mmodzi.

Pamene aphunzitsi analemba kuti amuna a m'mudzi anamanga tchalitchi choyamba ndi manja awo, pambali panali poti, "Nanga amayi amene ankatunga madzi kudambo ndi kuponda dothi? Njerwa sizinadziumbe zokha." Pa mawu awo okondedwa aja panali poti, "Kunena zoona zenizeni kwafika kachitatu pa tsamba lino. Ndakusiyirani poti mumakukonda." Pa mutu wa ukwati wawo, pamene analemba kuti zonse zinayenda mwadongosolo, malemuwo anati, "Munafika mochedwa, nsapato zili m'manja, thalauzi lonyowa mpaka m'mawondo. Ndinakuonani pa windo, ndinaseka mpaka anakubala anandikalipira."

Ndinaseka nawo, kenako ndinachita manyazi ngati ndaima kuseri kwa chitseko cha eni ake. Komabe sindinaleke kuwerenga.

Mutu womaliza unali mndandanda wa mibadwo, wopangidwa ndi mipata yowerengedwa mosamala kuti ana akhale pansi pa makolo awo. Pansi pa dzina la aphunzitsi ndi la akazi awo panali ana anayi, woyamba ndi namwino wa ku Joni uja. Ndemanga ya pamenepo inali ndi zilembo zosinthana malo, za nthawi ya matenda ija.

"Ana athu si anayi, ndi asanu. Woyamba sanatuluke m'chikuta koma ine ndinamutcha dzina." Apa analemba dzinalo, limene ine sindilibwereza pano. "Sindikuuzani. Ndikudikira tsiku limene mudzaone nokha kuti pano pakusowa munthu."

Ndinatseka kompyuta, n'kutuluka kukaima padzuwa pakhonde. Amayi ogulitsa kabichi ndi nsawawa ankaitana makasitomala monga mwa masiku onse. Ndinakhala pamenepo nthawi ndithu.

Loweruka ndinapita kwathu ku Kaphuka, ndipo ndinawafotokozera amayi anga tikusankha mbewu ya kachewere, osatchula kuti ndi banja liti. Iwo sanachedwe kuyankha.

"Zisiye. Anakutuma kuchotsa zinyalala, chotsa. Mwana womwalira asanatuluke m'chikuta kale sankamulira, sankamutchulanso. Amayi okhaokha ndiwo ankakamuika. Mkuluyo sanalakwe kanthu, anatsata zimene anauzidwa. Ukufuna ukamudwalitse ndi za munthu woti sangamuyankhenso?"

Mawu awo anali ndi nzeru, ndipo kwa masiku angapo ndinawatsata. Ndinapitiriza kuyeretsa mitu, ndemanga ndikuzikopera m'fayilo ina yapadera. Ndinaganizanso zoimbira mwana wa aphunzitsi uja ku Joni, poti ndiye anandipatsa ntchito. Koma ndikatsegula fayilo yapaderayo, mawu oyamba a ndemanga zambiri anali amodzimodzi: "Abambo." Sanalembere ine, sanalembere mwana wawo. Ndikanazifufuta, ndiye kuti ine, mlendo, ndawerenga makalata a munthu n'kuwang'amba mwiniwake asanawaone.

Ndinazisindikiza ndi zilembo zazikulu, iliyonse pansi pa ndime imene inkanena, m'ndondomeko ya mitu. Ya mwana ija ndinaiika pa pepala lakelake kumapeto. Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi, kenako njinga yamoto, mphepo ikundicheka m'makutu njira yonse.

Aphunzitsi ndinawapeza kwawo ku Kabwazi atakhala pakhonde akutonola chimanga m'dengu, wailesi ili pambali. Anadabwa kundiona. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pa kabenchi, ndipo anaumirira kundiphikira tiyi okha. Nyumba inali yosesedwa bwino, koma makatani anali oti papita nthawi osachapidwa.

"Kodi makina aja adya buku langa?" anafunsa.

"Ayi, bambo, buku lili bwino, latsala pang'ono kutha. Koma ndapezamo zinthu zina zimene si zanga, ndiponso si za mwana wanu. Ndi zanu. Amayi akamatayipa ankalemba mawu ena pambali, obisika. Pa mapepala amene ankakupatsani sankaoneka."

 Anapukuta manja pa thalauzi, n'kulowa m'nyumba kukatenga magalasi.

Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika pa ng'ombe anaika pepala pa bondo.

"Zinali zisanu ndi ziwiri," anatero mwamphamvu, akuyang'ana pepalalo osati ine. "Amayi anga ankawerenga zazikazi zokha. Nkhani imeneyi tinakanganapo kale ine ndi iyeyu."

Pa njerwa anangoti, "Hmm," n'kukanda chibwano. Pa "kunena zoona zenizeni" anaseka mpaka kutsokomola. Pa nsapato za ukwati anaseka kwambiri, n'kuchotsa magalasi kupukuta m'maso.

"Mtsinje unadzaza tsiku limenelo. Ndinawoloka wapansi. Zaka zonsezi sanandiuze kuti anandiona."

Atatsala ndi pepala lomaliza ndinawagwira dzanja pang'ono, chinthu chimene sindikanachita tsiku lina lililonse.

"Bambo, ili ndi lolemera. Mukhoza kuliwerenga ine nditapita."

"Mwaliwerenga inu?"

"Eya. Pepani."

"Ndiye khalani."

Analiwerenga kamodzi, n'kubwerezanso. Sanalire. Anazimitsa wailesi. Nkhuku zinabwera kudzatola chimanga m'dengu ndipo sanazithamangitse, mpaka ine ndinazikupiza ndi dzanja. Atayamba kulankhula, mawu awo anali otsika.

"Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa kutali, ndinkabwera kumapeto kwa mwezi basi. Uthenga unandipeza mochedwa. Pofika kuno anali atamuika kale. Mwanayo anakhala masiku anayi. Azakhali anga anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti ndisalire, ndisafunse, ndisamukumbutse mayiyu, kuopa kutseka njira ya ena obwera. Ine ndinamvera. Chaka chinatha, mwana wina anabadwa, ndinati basi mankhwala ake ndi omwewo, kukhala chete. Polemba mndandanda uja ndinaima pamenepo, mayi. Musaganize kuti ndinaiwala. Cholembera chinaima. Koma ndinati ndikalemba, iye ndi amene akatayipe, ndiye ndimupweteka."

Anayang'ananso pepala, chala chili pansi pa dzina lija.

"Sindinkadziwa kuti anali ndi dzina."

Analitchula mokweza kamodzi, mosamala, ngati mawu a chilankhulo chachilendo.

Patapita nthawi anandifunsa ngati malemuwo ankadziwa kuti tsiku lina iwo adzaona mawuwa. Ndinafuna kuwauza kuti eya, kuti anawasiyira dala. Koma sindinkadziwa. Mwina ankangotulutsa za mumtima poti ofesi inali yopanda anthu masana. Mwina ankati adzawaonetsa buku likatha, matenda n'kuwadula. Ndinawauza zomwezo, kuti sindikudziwa.

"Nanenso sindikudziwa," anatero. "Ndinakhala naye zaka makumi asanu."

Tiyi anali atazizira. Anatenthetsanso wina, ndipo pobwera anali atabwerera pang'ono ku uphunzitsi wawo. Anatenga cholembera chofiira, n'kuyamba kudutsa m'mapepala aja kuyambira poyamba. Za amayi otunga madzi anavomera kuti analakwitsa, ndipo analemba ndime yatsopano pomwepo kuseri kwa pepala, ndi mayina a amayi amene anawakumbukira. Za ng'ombe anakana kusintha. Kenako anafunsa ngati n'zotheka kuti pa foni mawu a malemuwo azioneka pambali pa awo, kuti owerenga amve mbali zonse ziwiri.

Ndinati n'zotheka. Pali tagi yopangidwira mawu apambali, osakhala mbali ya nkhani yeniyeni koma oyenda nayo limodzi.

"Ikani onse," anatero. "Ngakhale onyoza aja. Koma ili lomaliza ayi, ili ndisunga ine. Pa mndandanda mungoonjezera mzere umodzi pamwamba pa ana. Dzina lake, ndi mawu oti anakhala masiku anayi."

Ndinawafunsa ngati mwana wawo wa ku Joni akudziwa kuti sanali woyamba kubadwa. Anapukusa mutu, n'kunena kuti amuimbira okha tsamba lisanakwere.

Sabata yotsatira ndinamaliza ntchitoyo. Ndemanga iliyonse ndinaiika m'kabokosi kotuwa pansi pa ndime yake, ndi zilembo zopendekeka, kuti pa foni yopapatiza isaphimbe nkhani. Zilembo zosinthana malo za m'ndemanga zomalizira ndinalimbana nazo mumtima. Za m'mawu a aphunzitsi ndinazikonza, poti zinali zolakwika za kutayipa chabe. Za m'mawu a malemuwo ndinangokonza pamene tanthauzo likanasokonekera, zina ndinazisiya momwe zala zawo zinazisiyira. Mndandanda wa mibadwo ndinaumanganso wonse, kuchotsa mipata yowerengedwa ija n'kuika mndandanda weniweni, wina mkati mwa unzake, kuti ana azikhala pansi pa makolo awo pa sikirini ya kukula kulikonse. Unanditengera tsiku lathunthu, chifukwa agogo aja a akazi awiri anali ndi zidzukulu zambiri ndipo ndinkaopa kupatsa mwana mayi wolakwika.

Namwino uja anandiimbira tsamba lisanakwere, ndipo sanali wokondwa.

"Chemwali, munayenera kundiuza ine poyamba. Ine ndi amene ndinakupatsani ntchito. Bambo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, mukudziwa? Akanagwa pakhonde paja mukanatani?"

Za magazizo sindinkadziwa. Ndinapepesa. Ndinamuuza chifukwa chimene ndinapitira kwa bambo ake, koma ndinavomera kuti ndikanatha kumufunsa za thanzi lawo ndisananyamuke, ngakhale osaulula nkhani yonse. Mpaka lero ndimaona kuti pamenepo anali ndi mfundo.

"Zaka zonsezi ndimadziwa kuti ndine woyamba," anatero. "Amayi ndinawasamalira ine m'chipatala miyezi itatu. Sanandiuze."

 Anadula foni, ndipo mafayilo oyera ndinangomutumizira ndi malangizo a kaikidwe kake. Panapita masabata awiri osamva kanthu. Kenako tsiku lina masana unabwera uthenga wake wautali. Anati tsamba lakwera ndipo likutseguka msanga, ngakhale kwa abale a kutsidya kumene netiweki imavuta. Anati amaliwerenga pa nthawi yopuma kuntchito, timabokosi totuwa tokhatokha, chifukwa m'menemo amamva amayi ake akulankhula ndendende mmene ankalankhulira kukhitchini. Anati abale agawanika pa nkhani ya ng'ombe, ndipo amalume ena a ku Blantyre akuti zinali zisanu. Za kukwiya kuja sanatchule, inenso sindinazidzutse.

Aphunzitsi ndinawaonanso mu Januwale, mvula ili pakati. Anabwera pa boma kudzatenga mankhwala kuchipatala, n'kudutsira kwathu ndi kathumba ka mapichesi a pakhomo pawo. Ndinawaonetsa tsamba lawo pa foni yanga, poti yawo ndi ya mabatani. Anatsika nalo ndi chala mosazolowera, likuthawa n'kubwerera, mpaka anafika pa mndandanda. Anayang'ana mzere watsopano uja, kenako anandibwezera foni.

Anandiuza kuti mwana wawo anabwera pa Khirisimasi. Pa amayi amene anakaika khanda lija panatsala mmodzi yekha wamoyo, mlamu wawo wokalamba kwambiri wa mudzi woyandikana nawo. Anakamutenga pa njinga yamoto, mwana wawo atamugwirira kumbuyo, n'kupita naye kumphepete kwa manda akale. Malowo anasintha. Mitengo imene mayiyo ankaikumbukira inadulidwa, ndipo mbali ina anthu analimapo nyemba. Anayendayenda ndi ndodo yake, akuloza apa, n'kusintha kuloza apo, mpaka anatopa n'kukhala pansi, akupepesa kuti mutu wake suthanso.

"Ndinamuuza kuti asavutike," anatero aphunzitsi. "Tinangosankha pamene anakhala pansipo. Mwana wanga anazula udzu pang'ono, ine ndinatsogolera pemphero, ndipo dzina lija tinalitchula tonse atatu. Pobwerera mvula inatipeza panjira, mlamu wanga tinachita kumufunditsa jekete langa."